Wodwala Wanga wa pa Mtunthama

Chaka chomwe banja lathu linalandira koyamba makuponi a feteleza ndi chaka chomwenso ine ndinavekedwa yunifolomu ya amayi a ku mpingo: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Mulungu anandichitira zazikulu ziwiri m'chaka chimodzi, ndipo kunena zoona mutu unandikula pang'ono. Sukulu ine ndinalekezera sitandade sikisi, choncho mavesi a m'kalasi ya ku mpingo ndinkawaloweza movutikira. Ndinkasoka fodya m'chigafa uku ndikubwereza vesi limodzimodzi, mpaka nkhuku zomwe zikanatha kulilakatula. Tsiku lovekedwa ndinalira misozi yeniyeni, ndipo bulauzi imeneyo ndinkaisamala kuposa mwana wakhanda.

Munthu wongovekedwa kumene amakhala ndi pakamwa. Lachinayi lina pa msonkhano wathu wa amayi panabuka nkhani ya tinyumba ta vidiyo tomwe tinali titadzaza pa Mtunthama, tija ta masipika panja, tolira ngati anthu akuphana mkatimo. Palibe anandifunsa maganizo, koma ndinaimirira. Ndinati mayi wa yunifolomu akapezeka m'malo oterowo avule, abwerere kumbuyo akakhale ndi a kalasi. Ndinayankhula mpaka thukuta kamukamu. Amayi apampando, mayi wachikulire wosaseka wamba amene ankatsogolera gulu lathu, anagwedeza mutu n'kunena kuti limenelo likhale lamulo. Anthu anaomba m'manja. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mayi busa.

Mvula yoyamba itagwa, chimanga chitamera, feteleza anali asanafikebe. Tinkalawirira pa Mtunthama kukaima pa mzere, n'kubwerako chimanjamanja, akuti lole ili m'njira. Bambo a kwathu anali otanganidwa ndi kuwokera fodya, ndiye za mzere zinagwera ine. Makuponiwo ndinkawakulunga m'kapepala ka shuga n'kuwamanga pa ngodya ya chitenje, ndipo dzanja langa silinkachoka pa mfundo imeneyo.

Tsiku lina masana, tili chiimire, kunabwera chimvula cha mphepo. Mzere wonse unabalalika. Khonde la sitolo linadzaza ndisanafikepo, ndipo ndinamva madzi akulowa m'chitenje, kulunjika pa mfundo ija. Khomo lomwe linali pafupi linali lotchinga ndi chiguduli. Ndinalowa choweramira. Maso atazolowera mdima ndinaona mabenchi, abambo a pa mzere atathithikana, ndi kanema pamwamba pa tebulo. Ndinadziuza kuti ine ndabisa makuponi, sindinabwerere zina, ndipo ndinakhala pa benchi ya kumapeto nditafulatira.

Ndinafulatira kanthawi kochepa kwambiri.

Poyamba ndinayesa kanemayo ndi wowonongeka, chifukwa munalibe mtundu uliwonse, zonse zakuda ndi zoyera ngati zithunzi za ukwati wa makolo athu. Abambo aja ankadandaula kuti akufuna zakarati. Mwini vidiyo, bambo wamfupi wa chipewa cha ubweya, anati chimbale cha karati chakalika, chomwe chatsala ndi ichi, chochokera m'katoni yomwe mphunzitsi wina wachizungu wa pa sukulu ina yogonera konko ya kufupi ndi pa Mtunthama anasiya popita kwawo. Anati ndi filimu yakalekale, ya nthawi yomwe nkhondo yaikulu inali itangotha. Poti Chingerezi chake chinali chothamanga, iye anaima pambali n'kumatimasulira mofuula.

Nkhani yake inali ya bambo wina amene anabwera ku nkhondo n'kupeza ntchito kulibe. Anagwirizana ndi anzake kukathyola sitolo ya mawotchi. Mlonda anamuombera m'nthiti, anzake aja n'kuthawa pa galimoto kumusiya. Basi kuyambira pamenepo munthu uja anangokhala akuyenda m'tauni, atavala chijasi chachitali, dzanja limodzi atalipisa mkati kugwira bala, apolisi akumusaka ndi agalu.

Anapita kwa wometa tsitsi amene anali naye limodzi ku nkhondo. Mwini vidiyo anati, "Apa akuti, achimwene, zandivuta, ndigoneko pang'ono. Uyu akuti, aise, ine ndili ndi ana, imwa madzi uzipita." Anapita kwa mlongo wake, koma mlamu wake anaima pakhomo ngati chitsa. Chimene chinandigwira mtima ine si mfuti kapena agalu ayi. Kwa wometa kuja magazi anadontha pansi, ndipo munthu uja, ululu wonsewo, anawerama n'kupukuta ndi chipewa chake, n'kupepesa. Ndinati mumtima, mwana uyu analeredwa. Anaba, inde, koma analeredwa.

Musandiyese chitsiru chotheratu. Ndinkadziwa kuti ndi sewero. Ifenso pa Khirisimasi timachita masewero ku tchalitchi, ndipo mchimwene wanga anakhalapo mfumu yopha ana ija, koma ndi munthu wofatsa woti ngakhale nkhuku amachita kupempha wina kuti amuphere. Mutu unkadziwa zonsezi. Koma mtima wanga sunapite nawo ku sukulu.

Kenaka munthu uja anakwera masitepe a nyumba ina, kukwawa kwenikweni, kupita kwa mayi wina wokalamba amene kale ankamusunga. Anafika pa chitseko. Anakweza dzanja kuti agogode. Nthawi yomweyo panja wina anakuwa kuti, "Lole! Lole yafika!"

Mabenchi anagwa. Ndikanakonda kulemba kuti ndinazengereza, koma ayi, ndinatuluka wachitatu kapena wachiwiri, ndipo bambo wina ndinamuponda. Tsiku limenelo ndinagula matumba anga, wokulitsa ndi wobereketsa, n'kuwakweza pa ngolo ya mnansi wathu. Panjira anzanga ankaimba. Inenso ndinathokoza Mulungu, ndithu ndinathokoza. Koma titadutsa pa dambo ndinakumbukira kuti munthu uja ndamusiya dzanja lili m'mwamba.

Masiku otsatira ndinkathira feteleza m'munda ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, ndipo phando lililonse funso linali lomwelo: anamutsekulira kapena sanamutsekulire? Ndiwo ndinapsereza. Bambo a kwathu anandiyang'ana nati, "Mayi, feteleza mwapeza, chimanga chabiriwira, nanga nkhope ya maliroyi ndi ya chiyani?" Ndinati ndi mutu. Kubwererako sindikanatha, poti mvula yobisalira inali itapita, ndipo lamulo lija linali lotuluka m'kamwa mwanga momwe.

Lachinayi linafika. Pa msonkhano wathu pamakhala nthawi yotchula odwala tisanagwade. Wina anatchula apongozi ake, wina mwana wa malungo. Ine ndinangoona dzanja langa lakwera lokha. Ndinaganiza kuti ndingoponyapo mawu awiri, Mulungu adziwa yekha kolowera nawo.

"Pali bambo wina wovulala," ndinatero. "Timukumbukire."

Ndinayesa zathera pomwepo. Ndinaiwala kuti kwathu wodwala satchulidwa n'kusiyidwa m'malere. Ukamutchula Lachinayi, Loweruka amayi amanyamula ufa ndi nkhuni kukamuzonda. Chimenechi ndinachiphunzira m'kalasi momwe, ndipo ndinakhoza.

"Wavulala pati?" anafunsa amayi apampando.

"M'nthiti, mayi."

"Kuchipatala anapita?"

"Sangapiteko. Akuopa."

"Abale ake ali kuti?"

M'nyumba ya Mulungu sindikanatha kunama, choncho ndinaganiza zongonena zoona zokhazokha. "Mlongo wake alipo, koma mwamuna wake anamukaniza kulowa. Mnzake anangomupatsa madzi n'kumutulutsira khomo la kuseri."

Tchalitchi chonse chinati, "Aaa!" Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga uja, amene amakhala nane benchi imodzi, anamenya m'manja nati, "Anthu a masiku ano! Ndi wa mudzi uti ameneyo, alamu?"

"Ndi mlendo. Si wa kuno."

"Inu munamuona kuti?"

"Pa Mtunthama."

"Ndiye munamuchitira chiyani?" Awa anali amayi apampando, akundiyang'anitsitsa.

"Lole ya feteleza inafika, mayi. Ndinathamangira mzere."

Apa ndinalira, ndipo amayi anayamba kunditonthoza, ena kumati mtima wanga ndi wagolide. Anapemphera pemphero lalitali lokoma, lomupempherera mlendo wopanda pogona. Atati ameni, amayi apampando analamula kuti Loweruka aliyense abwere ndi mbale ya ufa ndi nkhuni, tonse mu yunifolomu, ndipo ine ndidzatsogolere njira.

Lachisanu lonse ndinapempha Mulungu zinthu zomwe mayi wa mpingo sayenera kupempha. Ndinapempha chimvula choti mtsinje udzaze. Ndinapempha kam'mimba, kosapha koma kogoneka. Loweruka kunacha kuli ngwee, thupi langa lili bwinobwino ngati la mtsikana.

Tinanyamuka mabeseni pamutu, mitolo ya nkhuni, wina ananyamula ndi sopo, wina mazira m'kambale. Tinkaimba njira yonse, kudutsa m'minda ya fodya, matenanti a m'maesiteti akuweramuka m'mizere kutiyang'ana. Ine kutsogolo ngati mbuzi yopita nayo kumsika. Ponseponse pomwe ndinkati ndiulule, nyimbo inkakwera. Mlamu wanga anandinong'oneza kuti, "Alamu, mwatuwa bwanji? Musaope, bala tikalitsuka ndife."

Tinalowa pa Mtunthama, kudutsa zigayo, kudutsa okonza njinga. Miyendo yanga inakaima yokha pa khomo la chiguduli lija. Sipika inali ikulira zibakera. Nyimbo yathu inazima pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ali kuseri kwa nyumbayi?" anafunsa amayi apampando.

"Ali mkati, mayi."

"Amugoneka m'vidiyo?"

Ndinatula beseni pansi, ndinagwada pa fumbi pomwepo, n'kufotokoza zonse: mvula, makuponi, chijasi, chipewa, dzanja lili m'mwamba. Kenaka mlamu wanga anaphulika. Anaseka mpaka nkhuni zinagwa pamutu, anakhala pansi mu siketi yake yakuda, akungoti, "Mazira! Ine ndatengera mzungu wa m'kanema mazira!" Ena anabisa nkhope m'maduku, mapewa akugwedezeka. Amayi apampando okha sanaseke.

"Lamulo la malo ano analibweretsa ndani?"

"Ndine, mayi."

"Linkati chiyani?"

"Wopezekamo avule."

Amayi apampando anati nkhaniyi iyenera kukafika kwa akulu a mpingo, ndipo iwo sanganene chinthu chomwe sanachione ndi maso awo. Anakankha chiguduli n'kulowa. Mlamu wanga anati mayi wamkulu sangalowe yekha m'malo otero popanda mboni. Wina anati mboni imodzi siikwana. Posakhalitsa panja panatsala nkhuni zokha.

Abambo omwe anali mkatimo ataona maduku oyera akulowa, anazimitsa ndudu, ena anavula zipewa, ena anatulukira pansi pa chiguduli. Mwini vidiyo anayesa tabwera kudzamupempherera kuti bizinesi yake igwe, ndipo anayamba kulumbira kuti iye ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Amayi apampando anati, "Bambo, tiikireni wovulala uja. Muyambire poyamba."

Tinakhala pa mabenchi, mabeseni a ufa pamiyendo. Poyamba amayi apampando anakhala chowongoka, manja atapinda. Munthu uja atawomberedwa anangoti, "Wakuba ndi wakuba." Koma atafika kwa wometa uja ndinamva benchi ikugwedera. Wometa atatsekula khomo la kuseri, mayi aja anaimirira ndithu n'kuloza kanema: "Iwe! Munthu unadya naye limodzi ku nkhondo! Ulibe ndi mphasa yomwe?" Mwini vidiyo, ataona kuti zamuyendera, anawonjezera mchere pomasulira, mpaka mawu ena ndikukhulupirira kuti mzunguyo sanawanene.

Tinafika pa masitepe paja. Anagogoda. Chitseko chinatsekuka. Mayi wokalamba uja sanafunse kanthu, anangomukoka n'kumukhazika pa mpando, n'kuyamba kung'amba nsalu yomangira bala. Tonse tinaomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Koma chimwemwe chake chinali chachifupi. Munthu uja anaona pa zenera apolisi akuyendayenda mumsewu, ndipo pofuna kuti mayiyo asalowe m'mavuto, anadikira kuti apite kukatereka madzi, iye n'kutuluka mwakachetechete. Anakafika pamalo odikirira basi, nakhala pa benchi, mutu n'kuutsamiritsa pa mtengo. Anthu opita ku ntchito anabwera n'kukhala pambali pake, kumawerenga nyuzipepala, kumayesa wagona. Basi inabwera, onse anakwera. Iye anatsala.

"Apa ndiye kuti watisiya," anatero mwini vidiyo motsitsa mawu, chipewa chili m'manja.

Mlamu wanga yemwe uja, woseka mazira, ndi amene anayambitsa nyimbo ya maliro. Tinaimba ndime zonse. Amayi apampando anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kunena kuti m'nyumbamo muli fumbi.

Titatuluka panja dzuwa linatithobwa m'maso, ndipo manyazi anatigwira tonse pamodzi. Panalinso vuto lina. Ufa wotengera wodwala subwerera kunyumba. Ukabwerera nawo anthu amafunsa ngati wodwalayo wamwalira. Tinaima pamenepo ndi mabeseni athu osadziwa kolowera. Mwini vidiyo anakanda m'mutu nati, "Amayi, ngati mukufuna wovulala, alipotu weniweni kuseri kwa telala uko. Ndi tenanti wochokera kumwera. Anadzitema ndi nkhwangwa podula mitengo ya chigafa, ndiye poti sangagwire ntchito anachoka pa esiteti pomwe anali. Wakhala pamenepo chiyambire mzere wa feteleza."

Chiyambire mzere wa feteleza! Njira yanga ya tsiku ndi tsiku inkadutsa pakhonde la telala ameneyo. Sindikukumbuka kuti ndinaonapo munthu. Dzanja linali pa mfundo, maso ku msewu wa lole.

Tinamupeza atagona pa masaka, mwendo utatupa, atakulunga ndi chisanza. Fungo lake linatibweza m'mbuyo. Amayi anagwira ntchito yomwe anabwerera: ena kutereka madzi, ena kusesa, ena kukabwereka njinga yomutengera kuchipatala. Telala anavomera kuti akabwerako azigona m'kachipinda kake kosungiramo nsalu. Zonse zitatha, amayi apampando anandiitanira pambali, koma mokweza kuti aliyense amve.

"Lamulo likuti wopezeka m'vidiyo avule. Lero tapezekamo tonse, ndipo tikavula tonse, mawa ku tchalitchi kukhala ngati kumsika. Kwa akulu a mpingo nkhaniyi siipita. Koma inu munatigwaditsa m'nyumba ya Mulungu kupempherera chithunzi. Mawa mubweretse bulauzi yanu kwathu. Idzabwerera tsiku lomwe bambo awa adzayende ndi miyendo yawo. Phala lawo ndi lanu."

Ndinapereka bulauzi ija ndi manja awiri. Lamulungu ndinakakhala kumbuyo, mu chitenje cha maluwa, pakati pa atsikana a kalasi.

Tsono wodwala wanga watsopanoyu sanali ngati woyamba uja. Analibe chijasi, analibe chipewa chopukutira pansi, ndipo kupepesa sankakudziwa. Tsiku loyamba analawa phala langa n'kufunsa ngati kwathu kuno shuga amaletsa a boma. Tsiku lina anati nsinjiro zachepa. Ankadandaula za ntchentche, za telala kuti makina ake amasokosa, za ife a ku Kasungu kuti timayankhula ngati tikuimba. Inali nthawi yopalira, ntchito ili m'khosi, ine n'kumasiya khasu kuyenda ulendo wonse uja ndi kapoto m'manja. Bambo a kwathu, amene nkhani yonse anaimva kwa mlamu wanga ndi zowonjezera zake, ankangoti, "Mwanyamuka, mayi? Mukapereke moni kwa azungu."

Ndinamupempherera munthu ameneyo kuposa wodwala aliyense m'moyo wanga, ndipo Mulungu andikhululukire, sindikudziwa kuti mapemphero angati anali a mwendo, angati a bulauzi. Ndikafika ndinkayamba kuyang'ana bala ndisanapereke moni. Ndinkati, "Bambo, tayesani kuponda." Iye amvekere, "Mayi, mukundithamangitsira kuti? Mwendo ndi wanga." Ndinayamba kumukayikira kuti akuchedwetsa dala, poti phala la ulere linali litamuyanja, masaya atayamba kubwerera.

Koma masiku ena, akakhuta, ankayankhula. Anandiuza za mkazi wake ndi ana omwe anawasiya kwawo, kuti anawalonjeza malata akagulitsa fodya, ndipo tsopano akuchita manyazi kubwerera ndi ndodo yokha. Tsiku limenelo ndinapemphera naye bwino, bulauzi osaikumbuka mpaka ndili m'njira. Mawa lake ndinathira shuga wambiri. Anati watsekemera kwambiri.

Fodya atayamba kuthyoledwa, m'mawa wina ndinafika ndi kapoto kanga n'kupeza masaka atapindidwa bwinobwino pakona. Telala anati munthu uja wakwera lole ya kumwera. Sanatsanzike, sanasiye mawu. Ndinaima pamenepo ndi phala lotentha, ndipo chinandiwawa kuposa momwe ndinkayembekezera. Kenaka mantha anandigwira: ndani akauze amayi apampando kuti wayenda, poti mwini miyendo wapita nayo?

Ndinamugwira telala pa dzanja, tepi yake yoyezera ili m'khosi, mpaka kwa amayi apampando. Tinawapeza akusankha nyemba pakhonde.

"Anachita kumunyamula pokwera lolemo?" anafunsa.

"Ayi, mayi," anatero telala. "Lole inali itayamba kale kuyenda. Anaithamangira."

Mayi aja analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bulauzi yanga, yochapa, yosita, itapindidwa bwino kuposa momwe ine ndimapindira. Ndinagwada polandira, ndikuthokoza Mulungu ndi iwo omwe. Anandiyang'ana, anayang'ana kapoto kanali pambali panga, n'kuti, "Nanga phalalo mubwerera nalo? Bweretsani masupuni, telalayu wayenda mtunda."

Tinadya atatu pakhonde pomwepo. Amayi apampando anati shuga wachepa.